Mmene ndinapulumutsira thyme amene ankafota chifukwa cha kuola kwa mizu

Thyme wanga wa m'dimba, chomera chonunkhira chimene masamba ake amakometsera zakudya, anayamba kufota ngakhale kuti dothi linali lonyowa. Masamba a m'munsi anasanduka achikasu kenako akuda, ndipo fungo lake linachepa kwambiri. Kuwonjezera madzi sikunathandize, manyowa nawonso anangokulitsa vutolo.

Nditazula chomera chimodzi ndinapeza kuti mizu yake ndi yakuda, yofewa, ndipo ikunyenyeka pakati pa zala. Thyme anachokera kumadera ozungulira nyanja ya Mediterranean, kumene amamera pamalo a miyala, ouma ndi adzuwa, choncho madzi akamakhalitsa m'dothi ladongo mizu imasowa mpweya n'kuyamba kuola.

Ndinadula mizu yonse yowolayo ndi sizasi yotsuka bwino, n'kusiya yolimba yokha. Koma chimene chinathetsadi vutolo ndi kusintha dothi. Ndinatenga fosholo n'kusakaniza magawo awiri a dothi lopepuka ndi gawo limodzi la mchenga wokhala ndi timiyala, kenako ndinaunda mzere wokwera masentimita pafupifupi 15 pamalo amene dzuwa limawomba maola osachepera 6 patsiku. Mchenga wosalala kwambiri si wabwino pa ntchito imeneyi, chifukwa ukakumana ndi dongo umagwirana n'kulimba. Nditadzalanso thyme pamzerepo, mozungulira tsinde ndinayala timiyala m'malo mwa udzu, popeza udzu umasunga chinyezi pamalo amene thyme amafuna pouma.

Tsopano ndimayamba ndapisa chala m'dothi, ndipo ndimathirira pokhapokha ndikamva kuti lauma. Timasamba tatsopano titatuluka, ndinayamba kubudula nsonga zanthete zokha zophikira, osafika pa nthambi zakale zokhwima, chifukwa zimenezo zikadulidwa kawirikawiri siziphukanso.