Momwe mungachepetsere fumbi la mtovu pakhomo ngati mumakhala ku Kabwe

Amene wakhalako ku Kasanda, Makululu kapena Chowa amalidziwa fumbi la mwezi wa Ogasiti. Limalowa m'mbale zotsuka kale, pamphasa, ngakhale m'mphuno mwa khanda. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito pafupifupi zaka 90, koma chimulu cha zotsalira zake, chija timati Black Mountain, chili pompo, ndipo mtovu suola. Ukalowa m'dothi umakhala momwemo mpaka mwana adzautole ndi zala n'kuika m'kamwa. Ine ndinadzidzimuka mwana wanga wachiwiri atayezedwa magazi. Izi ndi zimene ndinachita, pamodzi ndi pamene ndinapusitsidwa.

Yambani ndi kuyezetsa ana, makamaka osakwana zaka 5, ndiponso mayi woyembekezera. Musadikire kuti mwana adwale, chifukwa mtovu umagwira ntchito mwakachetechete: mwana amangooneka wosachedwa kupsa mtima, wosafuna kudya, wochepa magazi, mimba kupweteka, kusukulu zinthu osalowa. Akakupatsani zotsatira funsani nambala yeniyeni, muilembe m'buku la kusikelo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu umene ndi wabwino m'thupi, ndipo nambala ya pa zotsatirayo ikafika pa 5 (mamaikrogalamu a mtovu pa desilita imodzi ya magazi) muyenera kufufuza kumene ukuchokera. Ukafika pa 45 m'pamene madokotala amaganizira mankhwala ochotsa mtovu. Koma mankhwalawo n'kutunga madzi ndi dengu ngati mwana abwerera kukasewera pa dothi lomwelo.

Ndiye chachiwiri, chimene chili chachikulu, n'kuphimba bwalo. Njira yake ndi iyi: mumanyowetsa pansi kaye, n'kupala dothi la pamwamba, kuyala chinthu chotchinga, kenako kuthira dothi labwino lochokera kutali, lokhuthala ndithu, n'kubzala kapinga. A bungwe la Pure Earth anachitapo zofanana ndi zimenezi pa nyumba zina ku Chowa. Popala, ana akhale kwa anansi tsiku lonse.

Apa m'pamene ndinagwa chagada. Ndinapita kumene amaima a matipa, ndipo mmodzi anandiuza mtengo pafupifupi theka la umene anzake ankanena. Anati dothi lake ndi la kumunda, cha ku msewu wa ku Kapiri Mposhi, lakuda bwino, kapinga amera ngati wa pabwalo la mpira. Ndinalipira zonse asananyamuke n'komwe. Pasanathe ola tipa inali itafika. Zimenezo zokha zikanandiuza kanthu, chifukwa kumunda kumene ankanenako si kopita n'kubwerako ola limodzi, koma ine ndinangokondwa kuti ndapeza munthu wachangu.

Tinamwaza dothilo masiku awiri, msana kuchita kuuma. Tsiku lachitatu agogo ena oyandikana nafe, amene anagwirapo ntchito kumgodi, anaima pampanda n'kumangoyang'ana. Kenako analowa, anatapa dothi kudzaza dzanja, n'kulifikisa padzuwa.

"Amayi, dothi ili mwalitenga kuti?"

"Kumunda, agogo. Bwanji kodi?"

"Munda wake uti womera timiyala totere? Taonani kuno."

M'dzanja mwawo munali timiyala takuda tonyezimira ngati galasi losweka, tolemera kuposa kukula kwake. Anati ndi zotsalira za m'ng'anjo yosungunulira miyala. Ndiye kuti ndinagula ndi ndalama zanga chinthu chomwe ndinkathawa, n'kuchiyala pakhomo pamene ana amadyera chimanga chootcha. Nambala ya dalaivala uja inasiya kupezeka tsiku lomwelo. Kuchotsa dothilo kunandidyera ndalama zoposa zimene ndinagulira, chifukwa sungangolitaya kuseri kwa mpanda, kumenekonso kuli ana a eni ake.

Choncho kwerani nawo tipayo mukaone ndi maso anu pamene akukumba. Akakana, muwasiye. Lipirani katundu akatsitsa. Dothi la m'mbali mwa ngalande yaikulu ija yochokera kumgodi musalilandire ngakhale laulere, ngakhale lioneke lachonde chotani. Ndipo dziwani kuti ine ndinachita mwayi chifukwa timiyala tinkaoneka. Dothi lina limakhala lofiira bwinobwino koma mtovu ulimo. Pali kachipangizo kogwira m'manja kotchedwa XRF kamene kamayeza dothi pompopompo, ndiye mukamva kuti ofufuza kapena a zaumoyo akuyenda nako m'dera lanu, athamangireni. Chimodzimodzi ndi mchenga ndi miyala yomangira: yotchipa kwambiri ifunseni kwawo.

Ngati thumba silikulola bwalo lonse, musadzipweteke. Ulendo wachiwiri ine ndinangothira simenti kachigawo ka pakhonde pamene ana amakhala, kwinako kapinga pang'onopang'ono, wopempha kwa anzanga. Kapinga wogula ndi wa anthu a ndalama, ndipo madzi othirira ndiwo adzakulizeni mu Okutobala. Madzi otsukira mbale amakwana.

M'nyumba, tsache louma lisiyeni. Limangodzutsa fumbi kuti mulipume. Kolopani ndi chinsanza chonyowa, mawindo ndi matebulo omwe, madziwo kutaya kuchimbudzi. Bwalo muziwaza madzi musanasese. Nsapato zithere pakhomo. Ngati bambo a m'nyumba amakatola miyala ku Black Mountain, zovala zawo zisalowe m'nyumba ndipo zichapidwe pazokha, asambe asananyamule mwana.

Zotsalazi mukuzidziwa. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Asachoke m'mawa ndi njala, popeza m'mimba mopanda kanthu mtovu umalowa msanga m'magazi. Muziwapatsa kapenta wodya ndi minga yomwe, nyemba, mazira, mkaka ukapezeka. Ndiwo zamasamba bzalani m'matumba a dothi labwino, muzitsuka kwambiri. Kuwiritsa madzi sikuchotsa mtovu, ingovindikirani ndowa. Amayi oyembekezera, dothi lija mumagula pamsika kuti muzidya, lekani. Pakatha miyezi ingapo bwererani kukayezetsanso mwana, mutenge buku lija munalembamo nambala yoyamba.