Felt ya ku salaula: kusankha juzi, kuichapa, kuisoka ndi kuikongoletsa

Felt ndi nsalu imene ubweya wake wagwirana wokhawokha, wopanda ulusi woima ndi wopingasa. N'chifukwa chake mukaidula ndi sizasi m'mphepete mwake simumasuka, ndipo siifuna mpendero. Timapepala ta felt tamitundumitundu timene mungatipeze m'masitolo ogulitsa zosokera nthawi zambiri timakhala ta acrylic kapena polyester (ulusi wopangidwa ku fakitale, osati ubweya wa nyama), tochindikala milimita imodzi yokha. N'tabwino podula zilembo ndi manambala a m'kalasi, koma pa chinthu chogwiragwira tsiku ndi tsiku timachita timibulu, timatamuka, ndipo timasungunuka simbi ikatentha. Felt yolimba, yofunda, ya mamilimita atatu kapena anayi mungaipange nokha kuchokera ku juzi ya ubweya wa nkhosa yogula pa mulu wa salaula (zovala zovalidwapo kale) pa msika wa Kapata kapena wa Saturday Market ku Chipata. Ntchito yonse imakoma kapena kuonongeka pa mulu pomwepo, posankha juzi.

Kusankha juzi

Tsitsi lililonse la ubweya wa nkhosa lili ndi timamba ting'onoting'ono ngati ta nsomba. Likalowa m'madzi otentha a sopo timambato timatseguka, ndipo mukamafikisa, tsitsi limakolana ndi linzake osabwereranso. Thonje lathu la kuno kum'mawa lilibe timamba totere, acrylic nayenso alibe. Mungazifikise tsiku lonse, sizidzasanduka felt. Nkhosa zambiri za m'midzi yathu zili ndi ubweya waufupi ndi wokhakhala umene sugwirana bwino, choncho salaula ndiye munda wathu.

Yambani ndi lebulo ya pakhosi kapena ya m'mbali mkati. Funani mawu akuti wool, lambswool, merino kapena Shetland, ndipo ubweya ukhale 80 peresenti kapena kuposa apo. Ya 100 peresenti ndiyo yabwino koposa. Mukaona mawu akuti superwash kapena machine washable, isiyeni ngakhale ikhale yokongola chotani: ubweya wake anauthira mankhwala ku fakitale kuti timamba tija tisagwire ntchito. Lebulo imene ikunena kuti chovalacho n'chochapa pamanja pokha kapena dry clean ndi chizindikiro chabwino kwa ife. Cashmere, ubweya wofewa wa mtundu wina wa mbuzi, imagwirana, koma imatuluka yofewa ndi yopyapyala, yoyenera tinsapato ta khanda osati chikwama.

Ngati lebulo inadulidwa, pemphani wogulitsa kuti musolole kaulusi kamodzi pa msoko wamkati, mukayatse ndi machesi pambali. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopserera, moto umazima wokha, ndipo kakhala kotsalako kamafumbutuka mukakafinya ndi zala. Acrylic amayaka msanga, amasungunuka, n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Musakakhudze kasanazizire. Thonje limanunkha ngati pepala ndipo limasiya phulusa lotuwa. Mayeso omwewa muchite pa ulusi wolukira wa m'sitolo, pakuti wambiri umene timautcha wulu ndi acrylic.

Juzi yobooka pachigongono, yothimbirira kutsogolo, kapena imene mwini wake anaichapa molakwika n'kuchepa, ndiyo yanu. Ena saifuna, mtengo umatsika, ndipo kwa inu chilema chake n'chongodula n'kutaya. Sankhani zazikulu za abambo chifukwa zichepa kwambiri. Kaguleninso m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene palibe wolimbirana nanu, m'malo mwa Juni ndi Julaye. Zolukidwa ndi makina, za maso ang'onoang'ono, zimapereka felt yosalala. Zolukidwa ndi ulusi wonenepa komanso zingwe zopotana zimatuluka zochindikala kwambiri moti singano imavutika kudutsa. Zimenezo zisungireni zoikapo mapoto otentha.

Kuchapa kuti igwirane

Konzani mabeseni awiri, sopo wamtanda, magolovesi a labala ndi ketulo pa mbaula kuti madzi otentha asathe. Chotsani mabatani, zipi ndi malebulo. Dulani mikono motsata msoko ndi kuitsegula kuti igone, kenako mulekanitse kutsogolo ndi kumbuyo. Mukachapa juzi yathunthu, mkati mwa mkono mutha kumatirirana osatsegukanso. Sungani mkono umodzi osachapa, muufuna pokongoletsa.

M'beseni loyamba thirani madzi otentha pafupifupi madigiri 60, oti dzanja lovala golovesi lipirire. Madzi angomiza nsalu, asachuluke, chifukwa chimene chimagwira ntchito ndi kukhulana kwa nsalu, osati kusambira kwake. Pakani sopo kuti nsalu iterere ndi kuchita thovu pang'ono. Thovu likachuluka, manja amangotsetsereka ndipo ubweya sukolana. Musathire bleach, mankhwala oyeretsera zovala, ngakhale dontho: amadya ubweya.

Fikisani, kandani, tembenuzani, kwa mphindi 10. Kenako finyani, muviike m'beseni la madzi ozizira kwa mphindi ziwiri mukukandabe, n'kubwerera ku otentha. Kusintha kwadzidzidzi kumeneku kumafulumizitsa ntchito. Pa mphindi 15 zoyamba nsalu imaoneka ngati ikungotamuka ndi kukula, ndipo ambiri amaleka pamenepa poganiza kuti anagula acrylic. Pitirizani. Nthawi zambiri pamafunika mphindi 30 mpaka 45, ndipo mudzamva m'manja ikuyamba kulemera ndi kulimba. Muzisintha mbali imene mukufikisira: mukalimbikira malo amodzi, pamenepo pamachepa kuposa pena ndipo chidutswa chimapindika. Zofiira ndi zakuda zichapeni pazokha chifukwa madzi otentha amazisukulutsa.

Mudzadziwa kuti nsalu yagwirana mokwanira poiyang'ana ku dzuwa: maso a malukidwe asaonekenso bwino. Dulani pang'ono pakona ndi kukoka ndi chikhadabo. Ulusi ukasololoka, bwererani m'beseni. Yembekezerani kuti chidutswa chichepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, ndipo m'litali chimachepa kwambiri kuposa m'lifupi. Choncho musadule chilichonse pa muyeso wake musanachape.

Tsukuluzani mpaka sopo atheretu, pakuti wotsalira amaumitsa ubweya. Musapotokole. Ikulungeni m'thaulo, mupondepo, muiongole ndi manja ikadali yonyowa, n'kuiyanika chogoneka pamthunzi. Mukaipachika pa chingwe imatamuka ndipo mapegi amasiya zipsera. Ikauma yalani kansalu konyowa pamwamba ndi kusita mopanikiza, osakhwekhwereza. Ngati simbi ndi yamakala, samalani ndi timakala tothetheka.

Kachikwama ka foni

Ichi ndi chinthu chabwino kuyambira, chifukwa n'chidutswa chimodzi ndi misoko iwiri. Titenge foni ya masentimita 16 m'litali, 7.5 m'lifupi ndi 1 kuchindikala. M'lifupi mwa nsalu muphatikize 7.5, 1 ya kuchindikala, 1 ya misoko iwiri ndi theka la sentimita lopumira: zikwana 10. M'litali muwerenge 17 kutsogolo, 1 pansi popinda, 17 kumbuyo ndi 6 ya chivundikiro: zikwana 41. Yezani foni yanu ili m'kava yake ngati mumaigwiritsa ntchito choncho.

Dulani muyesowu pa katoni kaye. Pa felt jambulani ndi choko kapena kachidutswa kopyapyala ka sopo wouma. Bolopeni imalowerera ndipo siichoka. Sizasi ikhale yakuthwa, yosadulira mapepala, ndipo dulani ndi mikwasa itali-itali. Kudula pang'onopang'ono ndi nsonga kumasiya mano m'mphepete, ndipo pa felt mphepete imaonekera mpaka kalekale. Makona awiri a chivundikiro azungulizeni potsata m'mbali mwa kobiri.

Felt ya juzi imathothoka timaubweya timene timalowa pobowo pochajira foni, choncho ikani nsalu yamkati. Kachidutswa ka chitenje chochapa kale n'kokwanira. Kaduleni masentimita 11 kwa 42, pindani sentimita imodzi mbali zonse ndi kusita, kuti kakhale kocheperako kuposa felt ndi theka la sentimita kuzungulira. Kasokereni ndi timisoko ting'onoting'ono tongogwira theka la kuchindikala kwa felt, osatulukira kunja. Koma ngati mukufuna kukongoletsa, kongoletsani musanaike chitenjecho.

Pindani masentimita 17 kubwera kutsogolo. Gwirani ndi mapegi a zovala, chifukwa mapini amapinda nsalu yochindikala. Ulusi wopetera umabwera ndi tiulusi 6. Gawani mutenge titatu, kutalika masentimita 50. Wautali kuposa apo umapotana ndi kulala usanathe. Singano ikhale ya diso lalikulu ndi nsonga yakuthwa.

Msoko woyenera ndi uja wa m'mphepete mwa bulangete, umene atelala amautcha blanket stitch. Bisani mfundo pakati pa nsalu ziwiri. Bayani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, mamilimita 5 kuchokera m'mphepete, ndipo musanakoke onetsetsani kuti ulusi wadutsa kuseri kwa nsonga ya singano. Mukakoka, ulusi ugona m'mphepete penipeni. Sunthani mamilimita 5, mubwereze. Kukongola kwa msokowu kuli pa kufanana kwa mipata, choncho ikani timadontho ta choko ndi rula mpaka dzanja lizolowere. Mukabaya pafupi kwambiri ndi mphepete, pa mamilimita awiri, ulusi umang'amba felt. Mukakoka mwamphamvu, mbali imakwinyika ndipo kachikwama kamapindika. Pakamwa pa kachikwama, pamene foni imakoka polowa ndi potuluka, bwerezani msoko katatu pamalo amodzi. Musalekere pamenepo: pitirizani kuzungulira chivundikiro mpaka mutsikire mbali inayo, kuti mphepete yonse ikhale yolimba.

Bowo la batani lotsekera chivundikiro lidulidwe locheperapo ndi mamilimita awiri kuposa batanilo, pakuti felt imatamuka, ndipo lizungulizeni ndi msoko womwewo wothithikana, wogwira chitenje ndi felt pamodzi. Kuseri kwa batani ikani kachidutswa kena ka felt kuti ulusi usazule nsalu.

Kukongoletsa ndi singano ya timano

Pali njira ina yogwiranitsira ubweya popanda madzi. Singano yake ilibe diso. Cha kunsonga ili ndi timano timene timakoka tsitsi la pamwamba ndi kulilowetsa mkati. Singano yosokera singachite zimenezi. Singano za timano zimadziwika ndi manambala: 36 ndi yonenepa, yoyambira ntchito, 38 ndi yapakati, ndipo ngati mungagule mtundu umodzi wokha gulani imeneyi, 40 ndi yopyapyala, yosalazira pomaliza. Nambala ikamakwera singano imaonda. Mukamaitanitsa ku Lusaka kapena pa intaneti tengani zisanu kapena kuposa, chifukwa chitsulo chake n'cholimba koma chosachedwa kuthyoka.

Ubweya wake muutenge pa mkono uja munasunga. Sololani ulusi, muuduledule masentimita 5, muumasule ndi zala, kenako muupese pakati pa maburashi awiri olimba mpaka ukhale wawawa, wosaonekanso ngati ulusi. Mitundu iwiri mukaipesera pamodzi imapereka mtundu wachitatu. Pansi ikani chidutswa cha siponji ya matiresi chochindikala masentimita 5, kapena kathumba ka nsalu kodzaza mpunga. Musagwirire pa ntchafu kapena m'manja.

Jambulani chithunzi chosavuta pa chivundikiro kapena kumbuyo: tsamba, nsomba, chilembo choyamba cha dzina. Ikani ubweya wochepa, woti felt ya pansi izionekerabe. Bayani m'mphepete mwa chithunzi choyamba, mukukankhira tsitsi losochera mkati ndi nsonga, kenako mudzaze pakati. Kuonjezera n'kosavuta, koma kuchotsa wochuluka umene walowa kale kumasiya dazi. Singano ilowe sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Timano tili kumunsi, ndiye kuizamitsa mpaka m'siponji n'kungotopetsa mkono.

Lamulo lalikulu n'lakuti singano ituluke njira imene yalowera. Mukaipendeketsa ili mkati, kapena kuitokosera ubweya cham'mbali, imathyoka nthawi yomweyo. Ikathyoka lekani zonse mpaka mupeze nsongayo, makamaka ngati chinthucho chikupita kwa mwana. Pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse nyamulani nsalu pa siponji, apo ayi ubweya wotulukira kuseri umera m'siponjimo ndipo pomatula mudzakoka chithunzi. Timaenje tikamaonekera pamwamba, sinthani mutenge nambala 40 ndi kubaya mosazama, pafupipafupi. Chithunzi chatha pamene mukachikhula ndi chala tsitsi silidzuka. Pomaliza sitani kuseri ndi kansalu konyowa kuti ubweya wotulukirawo ugone ndi kugwira.

Maso akhale pa singano nthawi zonse, ndipo chala chogwirizira chikhale patali kapena chivale kachikopa kodula ku chikwama chakale. Singanoyi imalasa mozama. Mukadzibaya tsukani ndi sopo ndi madzi oyera. M'nyengo ya mvula singano zimachita dzimbiri msanga, ndipo ya dzimbiri imadetsa ubweya woyera, choncho zisungeni m'kabotolo kotseka, osazisiya zobaya pa siponji.

Kasamalidwe

Pogulitsa kapena popereka mphatso, muuzeni wolandirayo kuti felt ya ubweya siileka kuchepa. Akaichapa m'madzi otentha ndi kufikisa, foni sidzalowanso. Achape m'madzi ozizira, mofinya pang'onopang'ono, ndi kuyanika chogoneka pamthunzi. Timibulu tikamera, tidulidwe ndi sizasi, osazula. Njenjete zimakonda ubweya, makamaka wa thukuta ndi mafuta, choncho zidutswa zosungira ntchito ina zikhale zoyera ndi zouma bwino, m'chidebe chotseka. Tizidutswa totsala podula musataye: tazikulu tidule mozungulira kukhala zoikapo makapu, ndipo tating'ono kwambiri tiduleni bwinobwino mudzazire mpira wa mwana kapena kapilo kobayapo mapini.