M'bale akakulakwirani, yambani ndi iye mwini

Pa Mateyu 18:15-17 Yesu anaika ndondomeko yake. Choyamba, pitani nokha mukakambirane awiriwiri. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amayamba auza anzawo, ena mpaka kulemba pa gulu la WhatsApp, ndiye nkhani imamufika mwiniwake itakula kale, manyazi atamuumitsa mtima.

Musanapite pempherani, mtima utsike kaye, koma musazengereze, pakuti Aefeso 4:26 akuti dzuwa lisalowe muli chikwiyire. Mukafika, tchulani chinthu chenicheni chimene chinachitika ndi tsiku lake, osati "mumatero nthawi zonse". Mawu otere amangoutsa mkangano. Kenako khalani chete, nayenso afotokoze.

Akakana kumva, tengani munthu mmodzi kapena awiri osakondera. Nkhani ipite ku mpingo pokhapokha izi zikalephereka.