Mmene mungamvere chimbale chomwe ma fans akuchinyoza koma olemba ndemanga akuchiyamikira

Ine ndimatengera chitsanzo cha Arctic Monkeys, bandi ya anyamata a ku Sheffield ku England, chifukwa ndi pomwe ndinaphunzira kuti ndemanga zimawerengedwa ndi dongosolo lake.

Mu 2013 anatulutsa chimbale chotchedwa AM, magitala olemera, ng'oma zogunda mpaka pamtima, ndiye anthu anazolowera zimenezo. Panapita zaka pafupifupi zisanu, pa 11 May 2018 kunabwera chimbale china, Tranquility Base Hotel & Casino, nyimbo 11, ndipo sanatsogoze olo single imodzi yoti tilaweko kaye. Alex Turner, woimba wa bandiyi, nyimbozi anazipeka pa piyano osati pa gitala, mawu ake akukamba za hotela ya pa mwezi, kaimbidwe kake ngati munthu akukunong'oneza nkhani usiku. Ma fans ambiri zinawanyansa, amati magitala apita kuti, nyimbo zonse zikungofanana, ena mpaka amati chimenechi ndi chimbale cha Turner yekha angomata dzina la bandi. Koma Pitchfork, webusaiti yolemba ndemanga za nyimbo, inapereka 8.1 pa 10, magazini ya Q inachisankha kukhala chimbale chopambana cha chaka, chinalowanso pa mndandanda wa Mercury Prize, mphoto ya chimbale chopambana ku UK ndi Ireland, ngakhale mphotoyo inatengedwa ndi bandi ya Wolf Alice.

Ndiye mukakumana ndi zoterezi yambani ndi makutu anu. Musatsegule X (yomwe kale inali Twitter) kapena ma comment a pa YouTube musanamvere chimbale chonse, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, osadumpha, shuffle yothimitsa. Ine ulendo woyamba ndinamvera pa sipika ya foni ndikuchapa, ndinangomva ngati bambo wina akung'ung'udza, ndinachisiya. Patatha sabata ndinavala ma earphone usiku magetsi atazima, apo ndi pomwe ndinamva bass ya Nick O'Malley ikuyenda pansipansi ngati ikulondola mawu a Turner, ndi timawu ta ma keyboard tomwe pa sipika paja sitimamveka n'komwe. Mverani katatu, masiku osiyana, ulendo umodzi muli ndi mawu a nyimbo pamaso.

Mukatero lembani mu foni mizere iwiri itatu, nyimbo iti yakugwirani, ndi pati pomwe munatopa. Zikuoneka zazing'ono koma mukawerenga za ena musanalembe zanu, mudzapeza mukubwereza maganizo a eni ake ngati anu.

Tsopano pitani kwa ma fans, ndipo apa mpofunika kusefa. Madandaulo awo ali mitundu iwiri. Wina akuti sichikumveka ngati AM, ameneyo akukuuzani zomwe iye amayembekezera, za chimbalecho sanakuuzeni kanthu. Wina akuti nyimbo zapakati zikuyenda liwiro limodzi ndipo ma chorus ogwira ndi ochepa, ameneyo mumvereni, mutha kubwerera kukatsimikiza nokha. Kunena zoona pa chimbale chimenechi mfundo yachiwiriyo ndimagwirizana nayo ndithu, chapakati paja chimalemera, ngakhale ndimachikonda kwambiri.

Kwa olemba ndemanga musathamangire nambala. Webusaiti ya Metacritic imangosonkhanitsa zomwe magazini osiyanasiyana apereka n'kutulutsa nambala imodzi pa 100, ndiye wina amene wachikonda kwambiri ndi wina amene wachida amasakanizidwa mpaka mkangano wonse osaonekanso. Sankhani ndemanga ziwiri, yoyamikira ndi yodzudzula, muwerenge zonse mpaka kumapeto. Onani ngati wolembayo akutchula nyimbo ndi malo enieni, kapena akungokamba za mbiri ya bandi ndi tsitsi la woimba. Kumbukiraninso kuti anthu awa amamvera zimbale zambirimbiri pa ntchito, bandi ikasintha njira iwo amasangalala msanga, pomwe fan amene amafuna zoti akavine ku show amaona ngati amulanda kanthu.

Chomaliza onani tsiku lomwe munthu analemba. Za sabata yoyamba zimakhala zotentha, anthu akadali odabwa. Pomwe chimbale chawo chotsatira, The Car, chimatuluka mu 2022 chikupitiriza njira yomweyo yodekha, ambiri anabwerera ku chimbale cha 2018 chija ndi makutu ena. Inunso sungani timizere tanu tija, pakatha miyezi itatu mudzamverenso, mudzalembe pansi pake zomwe zasintha.