"Malawi yapambana" kapena "Malawi apambana"? Momwe mungasankhire mneni pa mutu wa nkhani ya masewero

Pa 14 Januwale 2022, mumzinda wa Bafoussam ku Cameroon, timu ya Malawi idagonjetsa Zimbabwe 2-1 mumpikisano wa mpira wamiyendo wa chikho cha Africa, zigoli zonse ziwiri zochokera kwa Gabadinho Mhango. Tiyerekeze kuti woyimbira wangoliza wezulo yomaliza, inu foni ili m'manja, mukufuna kuponya nkhaniyo pa tsamba lanu anzanu asanakupitirireni. Mulemba kuti "Malawi yagonjetsa Zimbabwe", "Malawi wagonjetsa Zimbabwe" kapena "Malawi agonjetsa Zimbabwe"? Mitu itatu yonseyi imaoneka pa Facebook, nthawi zina pa tsamba limodzi lomwelo. Nayi njira yosankhira, sitepe ndi sitepe.

1. Yambani mwafunsa: dzinali likuimira chiyani?

Dzina la dziko limatengera mgwirizanitsi wa liwu limene wolemba ali nalo m'mutu, ngakhale liwulo lisalembedwe. Ngati mukuganiza za timu, mneni ayamba ndi i- kapena ya-, poti timati "timu iyi yapambana". Mukatchula liwu loti dziko, mneni atsata lomwelo: "dziko la Malawi lapambana". Pamene tikulankhula za Malawi ngati munthu, monga amachitira andale pamsonkhano, timati "Malawi wathu", "Malawi watsopano", "Malawi wadzuka". Ndipo ngati mukunena anthu, ndiye "Amalawi asangalala", "osewera a Malawi atopa".

Onani mpikisano womwe uja wa ku Cameroon. Dziko la Cameroon lidachititsa mpikisanowo. Timu ya Cameroon idathera pa nambala 3. Dzina limodzi, zinthu ziwiri, aneni awiri. Mukadziwa chimene mukunena, ntchito yambiri yatha kale.

2. Pa zotsatira za masewero, lembani ya-

Amene amalowa m'bwalo ndi timu, choncho mutu wabwino ndi "Malawi yagonjetsa Zimbabwe". Ndi momwenso owulutsa mpira pawailesi amalankhulira kawirikawiri, ndipo khutu la wowerenga lidazolowera.

"Malawi wagonjetsa Zimbabwe" si Chichewa cholakwika, koma chikumveka ngati ndakatulo kapena mawu a pamsonkhano wa chipani. Sungirani tsiku la ufulu. "Malawi lagonjetsa" ayi ndithu: la- safuna kuyenda yekha popanda liwu loti dziko patsogolo pake.

Vuto lenileni lili pa a-. Mukalemba "Malawi agonjetsa Zimbabwe", wina aganiza kuti mwaiwala A woyamba wa Amalawi. Wina amva malawi a moto. Komanso pa mitu ya nkhani a- yemweyu ndi amene timagwiritsa ntchito ponena za munthu mmodzi: "Mhango achinya ziwiri". Tsono yesani ndi mayiko amene mayina awo ndi mayinanso a anthu. "Jordan agonja." "Chad atuluka mumpikisano." Wowerenga ayamba kufunsa kuti Jordan wake uti, wa timu iti, pamene inu mumanena dziko la ku Middle East. "Jordan yagonja" siisiya mpata wa funso lotere.

3. Musanyengedwe ndi s wa kumapeto

Flames, Scorchers, Queens, Warriors ya Zimbabwe, Mambas ya Mozambique: mayina onsewa m'Chingerezi ndi a zinthu zambiri. M'Chichewa s ameneyu alibe mphamvu pa mneni. Mu 2023 timu ya amayi ya mpira wamiyendo itagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo ya Cosafa ku South Africa, mutu woyenera udali "Scorchers yatenga chikho cha Cosafa". Mu 2018 ku Gold Coast, pa mpira wamanja wa masewero a Commonwealth, "Queens yagonjetsa New Zealand 57-53".

Pali njira yachiwiri, imene anthu amakonda polankhula: kuika ma patsogolo. "Ma Scorchers atenga chikho." Apa a- wakhala pamalo pake chifukwa ma wasandutsa dzinalo kukhala la anthu ambiri. Njira zonse ziwiri n'zabwino. Choipa ndi kuphatikiza, "Ma Scorchers yatenga", kapena "Scorchers atenga" popanda ma. Ine ndimakonda yopanda ma pa mutu, chifukwa pa foni malo ndi ochepa ndipo liwu lililonse losafunika limakankhira zigoli kumzere wachiwiri.

Mayiko amene mayina awo amatha ndi s nawonso chimodzimodzi: "Netherlands yapambana", "United States yatuluka", "Comoros yagonjetsa Ghana 3-2", monga zidachitikira ku Cameroon konkuja.

Dzina limodzi lokha limavutitsa mwanjira ina: Chipolopolo, timu ya Zambia. Kwa ife chipolopolo ndi liwu la tsiku ndi tsiku, ndiye dzanja limathamangira kulemba cha-. Ngati mukuseweretsa mawu mwadala, "Chipolopolo chalasa Ivory Coast" ndi mutu wokoma wa fainolo ya 2012 ku Libreville, pamene Zambia idapambana 8-7 pa mapenate. Koma ngati mukungonena zimene zachitika, ndi timu basi: "Chipolopolo yatenga chikho cha Africa".

4. Mayiko akakhala awiri

Patapita masiku anayi chigonjetsereni Zimbabwe, Malawi idasewera ndi Senegal, osachinyana. Ena alemba "Malawi ndi Senegal zalepherana", poganiza za timu ziwiri. Ena alemba "Malawi ndi Senegal alepherana", poganiza za matimu awiri. Zonse zimamveka, ndipo kukangana kuti cholondola n'chiti ndi kutaya nthawi. Chotsani dziko limodzi pamalo a mwininkhani: "Malawi yalepherana ndi Senegal", kapena "Malawi yafanana mphamvu ndi Senegal". Mutu wotere umaikanso patsogolo timu imene owerenga anu amasapota.

5. Chimene mwasankha pa mutu chitsatireni mpaka m'kati

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ngakhale amene mutu aupeza bwino. Mneni woyamba amakhala wolondola, koma ziganizo zikamapita, timu ija imasanduka anthu mwakachetechete. Taonani ndime iyi, yonena za masewero a pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé:

"Malawi yatuluka mumpikisano itagonja 2-1 ndi Morocco. Adayamba kuchinya kudzera mwa Mhango, koma Morocco idawabwezera ziwiri. Mphunzitsi wawo wati yasewera bwino."

Ndime yaifupi chonchi, Malawi yasintha kawiri: yatuluka, adayamba, yasewera. Choipa kwambiri ndi "adayamba". Ndani? Wowerenga akhoza kuganiza kuti ndi munthu mmodzi amene simudamutchule. Ndiye "wawo" uja ndi wa Malawi kapena wa Morocco?

Malo ofunika kuwayang'ana ndi atatu. Oyamba ndi kumayambiriro kwa mneni. Achiwiri ndi m'kati mwa mneni, pamene pamakhala kachizindikiro ka pamtherankhani: "Morocco yaitulutsa Malawi", osati "yawatulutsa". Achitatu ndi mawu a umwini: timu ili ndi mphunzitsi wake, goloboyi wake, zigoli zake, osewera ali ndi mphunzitsi wawo.

Sindikunena kuti nkhani yonse izingoti ya-, ya-, ya- mpaka pansi. Pali zinthu zimene timu singachite koma anthu: kulira, kuvina, kukumbatirana, kudandaula za ndalama zawo. Mukafika pamenepo, atchuleni anthuwo kaye, kenako a- abwere ndi chilolezo. Ndime ija itakonzedwa ikhala motere:

"Malawi yatuluka mumpikisano itagonja 2-1 ndi Morocco. Idayamba ndiyo kuchinya pamene Mhango adaponya bomba ali kutali ndi golo, koma Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi adabweza. Osewera a Flames adatuluka m'bwalo ali okhumudwa, ngakhale mphunzitsi wawo adawayamikira."

Kusintha kwachitika, koma wowerenga wakuona ndi maso: liwu loti osewera ndi limene latsegula khomo.

Mabungwe nawo, monga bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'Malawi la FAM, amafuna chisamaliro chomwechi. "FAM yati" ndi "bungwe la FAM lati" zonse n'zabwino, koma "FAM ati" isiyeni pokhapokha mutalemba "akuluakulu a FAM ati".

6. Yagonja kapena igonja?

Manyuzipepala a Chichewa ali ndi chizolowezi cholemba mitu ngati "Flames igonja", kutanthauza kuti yagonja kale. Papepala zimayenda, poti pambali pali chithunzi ndi nkhani yonse. Pa intaneti mutu umayenda wokha, umatumizidwa m'magulu a WhatsApp popanda tsiku, ndipo polemba sitiika zizindikiro za kakwezedwe ka mawu. Munthu woona "Flames igonja" Loweruka m'mawa sangadziwe ngati mukunena za dzulo kapena mukulosera za masana ano. Zikachitika kale, lembani yagonja. Zisanachitike, onjezani tsiku: "Flames ikumana ndi Zambia Lamlungu".

7. Ngati nkhani yomweyo mukuilembanso m'Chingerezi

Masamba ambiri kuno amalemba zilankhulo ziwiri, ndipo chisokonezo cha a- chija nthawi zambiri chimachokera kumeneku. M'Chingerezi muli miyambo iwiri. Atolankhani a ku Britain amaitenga timu ngati anthu ambiri, ndiye amalemba "England have won". A ku America amaitenga ngati chinthu chimodzi: "England has won". Masewero a 2010 ku Luanda, pamene Flames ya Kinnah Phiri idakwapula Algeria 3-0, mutu wa ku London ukadati "Malawi stun Algeria", wa ku New York "Malawi stuns Algeria".

Chingerezi cha m'sukulu zathu chimatsata cha ku Britain, choncho n'kwanzeru kutenga njira yoyambayo ponena za timu. Koma dziwani kuti ngakhale ku Britain, akamanena boma kapena dziko lenilenilo amabwerera ku chinthu chimodzi: "Malawi signs", "Morocco is to host". Kwa iwo mneni ndi amene amasiyanitsa timu ndi boma. Ife tili ndi njira yathu, yoika "dziko la" kapena "boma la" patsogolo, ndiye palibe chifukwa chobwerekera yawo. "England have won" m'Chichewa ndi "England yapambana".

8. Mawu a munthu musawakonze

Lamulo lonseli ndi la ziganizo zanu inu wolemba. Mphunzitsi akati "tasewera bwino koma mwayi udatilaka", lembani momwemo. Sapota akamatuluka pa Bingu n'kunena kuti "a Zambiawa atipweteka lero", musamusinthire kuti "Zambia yatipweteka". Iye akunena anyamata amene wawaona ndi maso akuthamanga m'bwalo, ndipo a- wake ali ndi mwini. Ikani mawuwo m'mitengero, tchulani amene wanena, ndipo mukatseka mitengeroyo bwererani ku ya- wanu.