Musanalipire hotela ya "zonse momwemo" ku Zanzibar

Anzanga a kuno ku Blantyre amene mukufuna kukapitidwa mphepo awiriwiri ndi akunyumba kwanu, mawu akuti all-inclusive asakunyengeni. Zoona, akakumangani kachibangili pamkono mumadya katatu patsiku n'kumamwa osapisa m'thumba. Koma nthawi zambiri zaulerezo ndi zakumwa zakomweko. Kachasu wakunja, kusisita thupi ndi ulendo wa paboti wokaona nsomba, zonsezo mumalipira padera, ndipo bilu imakudikirani tsiku lonyamuka. Alembereni a hotelayo musanatumize ndalama, akuuzeni zomwe zili mu mtengowo, kuphatikizapo galimoto yokutengani pabwalo la ndege.

Chimene ambiri sitichidziwa, poti tinazolowera nyanja yathu ya ku Mangochi yomwe imangokhala pomwepo, n'chakuti Indian Ocean imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku. Cha ku Paje ndi ku Jambiani, kugombe la kum'mawa kwa Zanzibar, madzi amathawa kutali, mumatsala mukuyang'ana mchenga ndi ndere, zovala zosambira zili m'thupi. Ngati mukufuna kusambira nthawi iliyonse, sankhani kumpoto, Nungwi kapena Kendwa. Epulo ndi Meyi mitengo imatsika, koma ndi mvula yokhayokha.

Ngati hotelayo ndi ya akuluakulu okhaokha, mwana musatenge, ngakhale wakumsana. Mahotela ena otere amalandira alendo kuyambira zaka 16, ena 18.

Kuyambira Okutobala 2024 boma la Zanzibar limafuna inshuwalansi yawoyawo ya alendo, ndiye konzani musanakwere ndege ku Chileka. Madola ayambeni kusaka msanga, mukudziwa kale mmene zilili kumabanki kwathu kuno. Amayi, chitenje chisatsale: mukapita ku Stone Town valani modzilemekeza, anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu.