Mtsitseni mwana kumsana, asewereko

Makolo ambiri muno mu Mzuzu akamva zoti mwana ayenera kusewera kuti akule bwino, maganizo amathamangira ku zidole za pulasitiki za mumsika. Akamva mtengo amangoti izi n'za mabwana. Zidolezo si zoipa ayi, koma chimene chimakulitsa bongo wa mwana n'chakuti akachita kanthu, wina amuyankhe. Khanda likati "aguu", liyang'aneni m'maso, mubwereze kaphokoso komweko, kenaka mudikire kuti nalo liyankhe. Bongo umakula mofulumira kwambiri m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka 2. Wodikira kuti mwana ayambe kaye kuyankhula ndiye azicheza naye, wachedwa.

Amayi ogulitsa ndiwo ndi mandasi ku Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuwa, mwana amatandala naye kumsana kuyambira m'mawa. Kubereka mwana kumsana n'kwabwino, makamaka mu June ndi July pamene kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mafupa. Koma ali kumbuyoko mwana saona nkhope ya mayi ake, ndipo manja ndi miyendo zimakhala zomangika. Malangizo amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amati mwana wamng'ono asakhale womangika kupitirira ola limodzi osapumira, ndipo amatchulanso za kumsana. Munthu ali pa geni sangamayang'ane wotchi, zimenezo n'zomveka. Komabe ogula akachepa, yalani katoni ndi chitenje pamalo ouma, mumugoneke chafufumimba ali maso. Ikani kapu ya mtundu wowala patsogolo pake, patali pang'ono ndi dzanja. Muona akudzutsa mutu, akukankha pansi ndi timikono, mwina n'kuyamba kulira chifukwa chokwiya. Khosi ndi msana zimalimba choncho, ndipo kukhala pansi ndi kukwawa kumachokera pomwepo. Mphindi 30 patsiku n'zokwana, mozigawagawa. Musamusiye yekha, ndipo akayamba kusinza mtembenuzeni agone chagada.

Akamayandikira chaka, amakonda kuponya supuni pansi kuti mutole, n'kuiponyanso. Si mwano umenewo, akuphunzira kuti chinthu akachitaya chimagwa ndipo chimalira. Bisani nkhope ndi chitenje n'kutulukira mukuseka. Vundikirani supuni ija ndi mbale iye akuona, muone ngati aivundukule. Botolo lopanda kanthu mukaikamo timiyala limasanduka chisekese, koma chotsekera chake chimangidwe zolimba. Mtedza, nyemba, makobili, zotsekera mabotolo ndi timabatire ta mawotchi zisamufike, chifukwa pa msinkhu uwu chilichonse chimapita kukamwa ndipo chingamutsamwe.

Wa zaka 2 mpaka 4 musamuthamangitse mukamagwira ntchito, mpatseni yake. Asanje makapu kuyambira yaikulu, aunjike zitsononkho, awerenge tomato amene mukuika m'mulu. Mufunseni kuti wofiira ndi uti, wamkulu ndi uti, ndipo akalakwa mungotchula cholondola osamuseka. Masanje ndi kuumba ng'ombe zadongo zimadetsa zovala, n'zoona, ndipo sopo wakwera mtengo. Msungireni chovala chimodzi chakutha choti azisewera nacho. Chimene muyenera kusamala ndi mbaula ndi mphika wa madzi otentha, makamaka mvula ikamawatsekera ana m'nyumba.

Abambo, ntchitoyi si ya amayi okha. Mukaweruka, kaya ku kabaza kaya ku ofesi, mpira wachikulunga wa mapepala a pulasitiki ndi wokwanira. Mugubuduzireni, akubwezereni. Kokani mzere pansi ndi ndodo ayende pamwamba pake osaphonya, adumphe ngati chule. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 amafunika kutakataka maola atatu patsiku mukaphatikiza zonse.

Madzulo nthano zibwerere. Mukati "Padangokhala" iye n'kuyankha "Tili tonse", waphunzira kale kumvetsera ndi kudikira nthawi yake. Mukafika pakati imani, mumufunse kuti Kalulu atani tsopano. Zimene ayankhe zingakhale zosamveka mutu wake, zilandireni. M'makomo ambiri kuno agogo amayankhula Chitumbuka kapena Chitonga, makolo Chichewa, ndipo ena amaopa kuti mwana asokonezeka. Sasokonezeka. Poyamba amasakaniza, kenaka amazisiyanitsa yekha, choncho aliyense amuyankhule m'chiyankhulo chimene amamasuka nacho.

Foni ndiyo ikutilanda ana. Imamutontholetsa mwana, koma siimuyankha. Khanda lisaonere n'komwe, wa chaka chimodzi nayenso ayi, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Pamene mukusewera naye muzionanso mmene akukulira. Ngati satembenuka mukamuitana kapena mukaomba m'manja kumbuyo kwake, ngati wafika miyezi 18 asanayambe kuyenda, kapena zaka 2 osatchula mawu omveka, musadikire kuti ziona zokha. Tengani buku lake la kuchipatala mukawafotokozere alangizi a zaumoyo pa tsiku la sikelo. Wa zaka 3 kupita m'tsogolo mukamulembetse ku sukulu ya mkombaphala ya m'dera lanu kuti azikasewera ndi anzake.